Magemu a Sega Mega Drive oyenera kuyamba kugula ndi ati?

Mwanawakwathu:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Sega Mega Drive II ya ku Ulaya, mapadi awiri a mabatani atatu, chingwe cha AV ndi adaputa yake. Katiriji ilipo imodzi yokha, Sonic yoyamba ija ya 1991. Ndalama yomwe ilipo ndi ya makatiriji asanu kapena asanu ndi imodzi basi, ndiye sindikufuna kugula chimbulimbuli. Nthawi zambiri timasewera awiri. Ndiyambire pati? Mundiuzenso zifukwa zake, osangotchula mayina.

Dzanjalamanzere:
Poti mumasewera awiri, katiriji yoyamba ikhale Streets of Rage 2 ya 1992. Ndi gemu ya zibakera za mumsewu, masiteji 8, ndipo mabatani atatu muli nawowo akukwanira: B kumenya, C kudumpha, A nkhonya yapadera. Anthu osankha alipo anayi ndipo kaseweredwe kawo n'kosiyana. Woyambira wabwino ndi Axel. Mukagogoda kutsogolo kawiri n'kudina B amaponya Grand Upper, yomwe imasesa aliyense amene waima patsogolo pake koma osadya moyo wanu. Blaze ali pakatikati pa zonse. Max ndi wolemera miyendo, koma akagwira munthu n'kumumenyetsa pansi, moyo wa mdaniyo umatsika kwabasi. Wothamanga ndi Skate yekha, kungoti nkhonya zake n'zopepuka.

Chomwe chimapha oyamba kumene ndi batani la A, chifukwa limadya moyo wa mwini wake. Mukalidina chiimire, moyo umachoka pokhapokha mwamenyadi munthu, ndiye ntchito yake ndi yodzipulumutsira akakuzingani. Mukalidina pamodzi ndi kutsogolo, moyo umachoka ngakhale mwamenya mphepo. Komanso mdani musamamulunjike pa mzere umodzi. Mutsikireni kuchokera kumtunda kwa sikirini kapena mumukwerere kuchokera kumunsi, mukangomukhudza ndiye kuti mwamugwira. Iye akakuponyani m'malere, gwirani batani la mmwamba pamodzi ndi C, mutera ndi miyendo osavulala. Posewera awiri nkhonya zanu zimapwetekana, choncho gawanani malo, wina kumtunda wina kumunsi. Apozi amabwezera moyo pang'ono, nkhuku yowotcha imadzaza, ndiye muzimusiyira amene watsala pang'ono kufa.

Streets of Rage 3 ya 1994 musayambire. Ya ku Ulaya ndi ku America anailimbitsa kuposa ya ku Japan, ndipo mukasankha Easy imakudulani pa siteji 5 mapeto osawaona.

Nachisale:
Apo ndagwirizana nanu achimwene. Yachiwiri ikhale Gunstar Heroes ya 1993, yopangidwa ndi Treasure, kampani yomwe anayambitsa anthu ochokera ku Konami. Ngati mukufuna kuona pomwe purosesa ya 68000 ili m'makinawa imafika, gemu yake ndi imeneyi: sikirini imadzaza adani ndi zophulika koma gemu n'kumathamangabe.

Zida zilipo zinayi, Force, Lightning, Chaser ndi Flame, ndipo mumanyamula ziwiri zomwe zimasakanikirana. Kuwerengera zonse zimakwana 14. Lightning ndi Chaser zimatulutsa leza yomwe imadzisakira yokha mdani n'kumukakamira, ndiye ndi yabwino kwa amene akuphunzira, koma mphamvu yake ndi yochepa ndipo imachotsa kukoma kwa gemu chifukwa inu mumangozemba basi. Force awiri amaboola msanga. Flame awiri amawotcha kwambiri koma muyenera kuyandikira. Poyamba gemu imakufunsani Free Shot kapena Fixed Shot. Free mumawombera mukuthamanga. Fixed mumaima powombera koma mumaloza mbali zonse 8 mosavuta, ndipo pa mabosi zimathandiza.

Moyo ndi nambala, imayambira pa 100, osati kufa ndi chipolopolo chimodzi. Mnzanu akafa amatha kubwerera potenga theka la moyo wanu, ndiye muzipangana nthawi yobwerera. Masiteji anayi oyamba mumasankha nokha woyambira. Ya mumgodi ija, ya bosi wotchedwa Seven Force amene amasinthasintha maonekedwe, muisiye kaye mpaka moyo wanu utakwera, chifukwa umawonjezeka mukamaliza siteji iliyonse. Musaiwale kuti mdani mutha kumugwira n'kumuponyera pa anzake, nthawi zina zimaposa mfuti.

Mmisiri_wa_ma_TV:
Musanapitirire kutchula mayina, mwiniwake adziwe chinthu chimodzi chokhudza makina ake. Mega Drive ya ku Ulaya ndi ya PAL, imajambula chithunzi ka 50 pa sekondi. Ya ku Japan, yomwe inatuluka mu 1988, ndi Genesis ya ku America ya 1989 zimajambula ka 60. Magemu ambiri amawerengera liwiro lawo pa chithunzi chilichonse, ndiye gemu yopangidwira 60 ikaikidwa pa 50 imachedwa ndi pafupifupi 17 peresenti. Pa Sonic muli nayoyo ngakhale nyimbo zimakokeka. Mizere yakuda mukuiona kumtunda ndi kumunsi kwa sikirini si vuto la TV: gemu imajambula mizere 224 pomwe chithunzi cha PAL chili ndi malo a mizere yoposa apo.

Zimenezi zikukhudza kasankhidwe. Magemu opangidwa ku Britain, monga a Codemasters ndi Sensible Software, opangawo ankawayesera pa TV za 50, ndiye liwiro lomwe muone ndi lomwe iwo ankafuna. Magemu ovuta a ku Japan amafewako pa 50 chifukwa mumakhala ndi mpata woona chipolopolo chikubwera.

Ena amaika switchi ya 50 ndi 60 mkati. Zimatheka, koma dziwani zotsatira zake: makina a PAL mukawakankhira ku 60, chithunzi cha pa chingwe chachikasu chija chimataya mitundu n'kukhala chakuda ndi choyera pa TV zambiri, chifukwa sigino ya mitundu imachokera pa kiristo yomwe sinasinthidwe. Mitundu imakhalapo mukagwiritsa ntchito chingwe cha RGB SCART. Ngati TV yanu ilibe SCART, makinawo asiyeni momwe alili.

Goloboyi:
Mndandanda wopanda mpira? Ayi akulu. Ndipo pano pofunika kusamala, chifukwa ogulitsa ambiri amakankha FIFA poti dzina ndi lodziwika. FIFA International Soccer ya 1993 ili ndi matimu a mayiko okha, osewera a mayina opeka, ndipo ili ndi chilema: ukaima kutsogolo kwa goloboyi pomwe akufuna kumenya mpira, mpirawo umakugunda n'kugwera pamapazi pako, chigoli chaulere. Anthu awiri akangodziwa zimenezi gemu yatha. FIFA 95 inabweretsa makalabu, koma osewera amamvera padi mochedwa.

Pa mapadi a mabatani atatu tengani Sensible Soccer. Osewera ndi ting'onoting'ono, bwalo mumaliona kuchokera pamwamba, ndiye mumaona anzanu ali patali n'kukonza pasi isanafike nthawi. Chinsinsi chake chili pa zomwe mumachita mutamenya kale mpira: mukangoumenya n'kukankhira padi kumbali, mpira umakhota, mukakokera kumbuyo umakwera. Mpira sumamatira kuphazi, mukatembenuka mwadzidzidzi umakuthawani, choncho masiku oyamba muzingopatsirana osati kuchenga. International Superstar Soccer Deluxe ya Konami, yomwe pa Mega Drive inatuluka mu 1996 ku Ulaya, ndi yokongola kuposa zonsezi ndipo ili ndi machenjerero ambiri, koma imakoma pa padi ya mabatani 6.

Inanso yosasiya ndi Micro Machines 2: Turbo Tournament ya 1994. Timagalimoto tazidole tothamanga pa tebulo la chakudya, m'bafa, pa benchi ya kalipentala. Posewera awiri sikirini siigawidwa: amene wasiya mnzake mpaka kutuluka pa sikirini watenga pointi. Mukaipeza ya J-Cart, katirijiyo ili ndi mabowo awiri a mapadi pamwamba pake, ndiye anthu anayi amasewera popanda kugula china chilichonse, ndipo mukamagawana padi imodzi anthu awiri mumafika 8.

Nachisale:
Micro Machines 2 ndi yoona. Kungowonjezera: musamathamange kwambiri pa njira yomwe simukuidziwa. Gemuyi ndi yoloweza makona, chifukwa wotsogola amakhala kumphepete kwa sikirini ndipo saona kutsogolo.

Mwanawakwathu:
Zikomo kwambiri. Nanga pa Sonic, ndiwonjezere iti? Ena akuti 2, ena akuti 3.

Dzanjalamanzere:
Sonic 2 ya 1992. Katiriji imodzi, yosavuta kupeza chifukwa inagulitsidwa yambiri zedi, ndipo imasewera pa makina a dera lililonse. Ndi yomwe inabweretsa Spin Dash: gwirani pansi, gogodani batani lodumphira kangapo, siyani pansi, Sonic amachoka ngati mwala wa pa legeni. Wa padi yachiwiri amayendetsa Tails, yemwe akafa kapena akatsalira amabwerera yekha akuuluka, ndiye ngati mnzanu wosewera naye ndi mwana kapena wongoyamba, palibe gemu yomuposa. Mukafika pa chipilala cha nyenyezi muli ndi ma ring 50, pamwamba pake pamazungulira tinyenyezi, mukadumphiramo mwalowa siteji yapadera yofunira Chaos Emerald. Dziwani kuti mukatulukamo ma ring anu amabwerera pa 0, ndiye tolani imodzi msanga musanakumane ndi mdani.

Kadzidzi:
Pamenepa ndikutsutsani pang'ono mkulu. Sonic 2 sisunga. Magetsi akathima muli ku Metropolis Zone, mwabwerera ku Emerald Hill, zoni yoyamba. Sonic 3 ya 1994 imasunga, ndipo sigwiritsa batire, ili ndi chipu cha FRAM chomwe chimagwira zosungidwa popanda moto. Mukaikhomeka pamwamba pa katiriji ya Sonic & Knuckles, yomwe ili ndi kachitseko kotsegula pamwamba, ziwirizi zimasanduka gemu imodzi yaitali momwe opanga anaikonzera poyamba isanagawidwe pawiri. Tails wa padi yachiwiri amatha kunyamula Sonic n'kuuluka naye. Zishango zilipo zitatu ndipo chilichonse chili ndi ntchito: chamoto chimakutetezani ku chiphalaphala, chamadzi chimakupumitsani pansi pa madzi, chamagetsi chimakoka ma ring.

Pali malo amodzi omwe anthu ambiri amakanirira, ndinenepo kuti musadzaganize kuti katiriji yawonongeka. Ku Carnival Night Zone Act 2 mumatsekeredwa m'kachipinda momwe muli mgolo wozungulira. Osadumphadumpha. Imani pamwamba pake, mgolo ukamatsika dinani pansi, ukamakwera dinani mmwamba, muzitsatira kayendedwe kake mpaka utsike kwambiri n'kutsegula njira.

Dzanjalamanzere:
Zonse mwanenazo ndi zoona, koma mwadya makatiriji awiri pa asanu ndi imodzi. Ndipo vuto la kusasunga lili ndi mankhwala. Pa Sonic 2 lowani Options, pitani pa Sound Test, imbani nambala 19, 65, 09, 17 motsatana, mumva kulira kwa ring. Bwererani pa sikirini ya mutu, gwirani A n'kudina Start, mndandanda wa mazoni onse utuluka. Magetsi akabwera mumayambira pomwe munalekezera, kungoti ma Emerald ndiye apita.

Kadzidzi:
Chabwino, pa thumba limeneli Sonic 2 ipite patsogolo. Koma Sonic & Knuckles ikadzapezeka yotsika mtengo musaisiye, chifukwa Sonic 2 yomweyo mukaikhomeka pamwamba pake mumaisewera ndi Knuckles, wokwera makoma, ndipo Sonic yoyamba muli nayoyo imatsegula masiteji a mipira yabuluu ochuluka zedi.

Tsopano ndiikepo imodzi ya munthu mmodzi, yosewera milungu ingapo. Pa makatiriji asanu ndi imodzi, imodzi ikhale yotere, apo ayi mwezi usanathe mudzakhala mwamaliza zonse. Ine ndikuti Shining Force II. Ndi nkhondo yosinthana mayendedwe: muli ndi asilikali mpaka 12 pa bwalo la timabokosi, aliyense amayenda ndi kumenya nthawi yake ikakwana. Sifuna zala zothamanga, ndiye nkhani ya 50 ija siikhudza. Mtsogoleri wanu Bowie akagwa nkhondo yatha ndipo theka la ndalama lapita, choncho asamatsogole. Ali ndi matsenga otchedwa Egress otulukira pankhondo, ndipo zomwe asilikali apeza pankhondoyo sizichoka, ndiye nkhondo ikavuta tulukani, chiritsani anthu, bwererani muli amphamvu. Adani otsala pang'ono kufa muziwasiyira asilikali ofooka kuti awamalize, chifukwa womaliza ndi amene amapeza zambiri. Msilikali amakwezedwa udindo kutchalitchi akafika levo 20. Ena ali ndi udindo wachiwiri wobisika womwe umafuna chinthu chapadera, monga Pegasus Wing ya asilikali a pahatchi ndi Vigor Ball ya ochiritsa, ndiye musathamangire kukweza aliyense musanafufuze m'midzi.

Phantasy Star IV ndi yaikulu kuposa apo, katiriji ya 24 megabit, nkhani yake imafotokozedwa ndi zithunzi za timabokosi. Ili ndi Macro, pomwe mumakonzeratu zochita za gulu lonse n'kumangodina kamodzi, ndipo matsenga ena akatsatana amaphatikizana: Foi ndi Zan amatulutsa Fire Storm, Foi, Wat ndi Tsu amatulutsa Triblaster. Koma zonse ziwirizi zimafuna kuwerenga Chingerezi chambiri. Ngati zowerenga sizikukomerani, The Story of Thor ndiyo njira: mumamenya nokha ndi mpeni, ndipo mizimu inayi yokuthandizani mumaiitana powombera kuwala kwa chibangili chanu pa madzi, pa moto, pa galasi kapena pa chomera.

Mmisiri_wa_ma_TV:
Magemu atatu atchula a Kadzidziwa onse amasunga ndi batire la CR2032 lomwe linawotchereredwa mkati zaka pafupifupi 30 zapitazo. Ambiri anafa kale. Chizindikiro chake: mumasunga bwinobwino, mukazimitsa n'kuyatsanso palibe chilichonse. Si chifukwa chokanira katiriji, ndi chifukwa chotsitsira mtengo.

Kusintha kwake nkotere. Kumbuyo kuli zomangira ziwiri zomwe zimafuna sikuludiraiva yotchedwa gamebit ya 4.5 mm. Ya 3.8 mm ndi ya makatiriji a Nintendo, sigwira. Mukatsegula yezani batire ndi mita: labwino limaonetsa 3V kapena kupitirira pang'ono, likatsika kufika cha m'ma 2.5V lisintheni. Gulani CR2032 la timiyendo towotcherera kale. Musayese kuwotcherera waya pa batire wamba la wotchi, kutentha kumaliwononga ndipo litha kuphulika. Musanachotse lakalelo jambulani chithunzi kuti mukumbukire mbali ya + ndi ya -. Sungunulani mtovu wa mwendo umodzi, kokani pang'ono, kenako winawo. Osakoka mtovu usanasungunuke chifukwa mumazula kanjira ka kopa pa bolodi. Latsopano likalowa, sungani gemu, zimitsani, chotsani katiriji kwa mphindi 10, kenako muone ngati zasungikadi. Kuika tepi m'malo mowotcherera kumagwira masiku ochepa, katiriji ikangogwedezeka zosunga zonse zapita.

Chiwaya:
Palibe amene watchula za ndewu ya awiri, ndipo ndikudziwa kuti mwiniwake adzakopeka nazo pamsika. Street Fighter II: Special Champion Edition ya 1993 ndi yabwino ndithu, koma osati pa mapadi muli nawowo. Gemuyi ili ndi nkhonya zitatu ndi mateche atatu. Pa padi ya mabatani atatu, Start ndi amene amasintha A, B, C kuchoka ku nkhonya kupita ku mateche, ndiye pakati pa ndewu mumaiwala mbali yomwe muli. Pa Mortal Kombat yoyamba Start yemweyo ndiye wotchingira. Magazi ake amabisika mpaka mutadina A, B, A, C, A, B, B pa sikirini ya mawu ija isanayambe gemu, ndipo ngati pakhomo pali ana ang'ono ganizirani kawiri.

Langizo langa: m'malo mwa katiriji yachisanu ndi chimodzi, gulani padi ya mabatani 6, yomwe Sega inatulutsa mu 1993. Ndi yaing'ono, ndipo mtanda wake woyendetsera ndi wofewa kuposa wa padi yakale, mumamva kusiyana ngakhale pa magemu osafuna X, Y, Z. Magemu ochepa akale, monga Forgotten Worlds ndi Golden Axe II, amasokonezeka nayo. Zikatero zimitsani, gwirani batani la Mode lili paphewa la padi, yatsani mutaligwirabe, imadzisandutsa ya mabatani atatu.

Dzanjalamanzere:
Ya munthu mmodzi yofuna zala, Shinobi III ya 1993. Maraundi 7, kuphatikizapo wa pahatchi ndi wa pamadzi. Joe Musashi amathamanga, amadumpha kuchoka pakhoma kupita pakhoma, amatchinga mukagwira batani lomenyera osalisiya. Chovuta ndi kudumpha kawiri: batani lachiwiri lidinidwe pamene wafika pamwamba penipeni, mukafulumira kapena kuchedwa sizichitika, ndipo raundi ya miyala yogwa imafuna zimenezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukamenya muli mkati mwa kudumpha kwachiwiriko amamwaza mipeni yambiri nthawi imodzi, zokongola koma zimamaliza mipeni msanga. Mdani ali pafupi mumutheme ndi lupanga, silitha.

Rocket Knight Adventures ya Konami, ya chaka chomwecho, anthu amaipeputsa poona kanyama kovala zachitsulo pachikuto. Gwirani batani lomenyera mpaka mita idzaze, lozani mbali, siyani, roketi imakuponyani. Mukaloza mopingasa mumagunda khoma n'kunjanja kupita ku linzake, ndipo masiteji anamangidwa mozungulira luso limeneli.

Za ndege zowombera, Thunder Force IV ya Technosoft ya 1992. Nyimbo zake ndi zomwe zimaonetsa mphamvu ya chipu cha Yamaha YM2612. Mukafa mumataya chida chokhacho chomwe chinali m'manja, kupatula ziwiri zoyambira zomwe sizitayika, ndiye mukaona kuti pano sindipulumuka sinthirani ku Twin Shot, chimodzi mwa ziwirizo, kuti chida chabwino ngati Hunter chisapite.

Nachisale:
Pofufuza samalani mayina, chifukwa gemu imodzi imakhala ndi dzina lina ku Ulaya, lina ku America. The Story of Thor ndi Beyond Oasis. Thunder Force IV ndi Lightening Force. Castlevania: The New Generation ndi Castlevania: Bloodlines. Probotector ndi Contra: Hard Corps, kungoti ya ku Ulaya anachotsa anthu n'kuikamo maloboti. Inu makina anu ndi a PAL, funani mayina oyambawo ndi chikuto cholembedwa Mega Drive. Katiriji ya Genesis imalowa bwinobwino m'bowo, ndipo zambiri zakale zimasewera, koma zambiri za kuyambira cha m'ma 1993 zimayang'ana dera la makina n'kukana, mumangoona uthenga pa sikirini. Streets of Rage 3 ndi Contra: Hard Corps za ku America zili m'gulu limeneli. Za ku Japan mapangidwe a chikhokho chake ndi ena, sizilowa popanda kupala bowo kapena kugula cholumikizira.

Probotector ndi ya awiri ndipo njira zake zimagawikana, mapeto alipo angapo, koma kukhudzidwa kamodzi mwafa. Ya ku Japan yokha ndi yomwe ili ndi moyo wa magawo atatu. Ibwere mutamaliza Gunstar Heroes.

Mmisiri_wa_ma_TV:
Ndi nkhani ya makatiriji achinyengo. Yeniyeni ili ndi zomangira za gamebit zija, ndipo mukatsegula bolodi yalembedwa SEGA ndi nambala yoyamba ndi 171, chipu chachikulu nambala yake imayamba ndi MPR. Makampani monga EA ndi Codemasters ankapanga makatiriji awoawo, ndiye awo amaoneka mosiyana ndipo si achinyengo. Yachinyengo imapepuka, chithunzi chake n'chosawala bwino, mkati muli kabolodi kakang'ono kapena kadontho kakuda ka phula m'malo mwa chipu. Mukaona katiriji imodzi yolembedwa Sonic 3 & Knuckles, Sega sinagulitsepo yotero.

Vuto lake si kuoneka kokha. Zambiri sizisunga, ndiye Shining Force II yachinyengo ilibe ntchito. Zina zili ndi zipu za 3.3V zolumikizidwa ku makina a 5V popanda chosinthira mphamvu, zomwe zimalemetsa mbali zonse ziwiri. Zinanso mphepete mwa bolodi sanaisonge, ndiye polowa imakankha n'kupinda timano ta m'bowo la makina. Zija zolembedwa kuti muli magemu mazanamazana nthawi zambiri ndi magemu ochepa obwerezedwa ndi mayina ena.

Goloboyi:
Ngati makatiriji enieni avuta kupeza, Mega Drive Mini ya 2019 ili ndi magemu 42 mkati, imalowa pa HDMI, moto wake ndi wa USB. Streets of Rage 2, Gunstar Heroes, Shinobi III, Sonic 2, Phantasy Star IV ndi Road Rash II zilimo. Koma silandira makatiriji, ndipo Sensible Soccer ndi Micro Machines mulibe. Osaisokoneza ndi makina a AtGames, omwe nyimbo zake zimamveka zopotoka.

Mwanawakwathu:
Ndamva akuluakulu. Ndiyamba ndi Streets of Rage 2, Gunstar Heroes, Sonic 2, Micro Machines 2 ndi Shining Force II, yotsalayo ndigulira padi. Funso lina kwa a Mmisiri: Sonic ilipoyi nthawi zina ndikayatsa sikirini imangokhala yakuda, nthawi zina imaonetsa mawu oyamba aja a Sega n'kuima. Ndi makina kapena katiriji? Komanso adaputa imatentha, ndingasinthe ndi ina iliyonse yolowa?

Mmisiri_wa_ma_TV:
Ina iliyonse ayi bwana, apa ndi pomwe makina ambiri amafera. Mega Drive II imafuna 10V DC, 850 mA, pakati pa pulagi pakhale +. Mega Drive yoyamba ija ya bowo la mahedifoni ndi yosiyana, pakati pake ndi -, ndipo pulagi yake ndi yokulirapo. Adaputa yatsopano ya 9V yopereka 1A kapena kuposa imagwira bwino, chifukwa mkati muli regyuleta ya 7805 yomwe imatsitsa moto kufika 5V. Ya 12V ipeweni, moto wotsalawo umasanduka kutentha pa regyuletayo. Adaputa ya ku America ndi ya 120V, ya ku Japan 100V, mukailowetsa pa 230V ya kwathu kuno imapsa nthawi yomweyo, ndiye werengani zolembedwa pa adaputa osati kungoona kuti yalowa pa soketi. Yakale ya thiransifoma kufunda ndi khalidwe lake. Ikamatentha moti simungaigwire, kapena ikamanunkha, isiyeni.

Zakudazo nthawi zambiri ndi litsiro pa timano ta katiriji. Tilipo 64, mbali iliyonse 32, ndipo kamodzi kokha kakapanda kukhudza gemu siyamba. Osauzira ndi pakamwa, chinyezi cha mpweya chimabweretsa dzimbiri. Tengani kathonje kotokosera m'khutu, nyowetsani ndi isopropyl ya 90 peresenti kapena kuposa, pukutani mbali zonse ziwiri mpaka kathonje katsopano katuluke koyera, dikirani mphindi ziwiri ziume. Spiriti wofiirira uja amasiya zotsalira, ndipo sandipepa amachotsa golide wa pa timano. Bowo la makina mulipukute ndi khadi lakale la pulasitiki lokutidwa ndi kansalu kopyapyala konyowetsedwa ndi isopropyl yemweyo, kulowetsa ndi kutulutsa molunjika, osapukusa cham'mbali. Katiriji muziika ndi kuchotsa makina atazima.

Mukapukuta koma makina n'kumazimabe mukangogwedeza chingwe cha moto, ndiye kuti mtovu wa pa bowo la adaputa wang'aluka pa bolodi, vuto lodziwika pa Mega Drive II. Wokonza mawailesi aliyense amawotchereranso miyendo yakeyo mphindi zochepa.

Chiwaya:
Pa TV ya masiku ano ikani chithunzi pa 4:3 ndipo yatsani Game Mode ngati ilipo, apo ayi mudzaona ngati padi ikuchedwa kumvera. Timabokosi totchipa tosinthira AV kupita ku HDMI timawonjezera kuchedwako chifukwa timatenga sigino ya makinawa ngati ya TV wamba n'kuyamba kuikonza. TV yachimbuyo yakale ikapezeka, Gunstar Heroes muisewerere pamenepo. Ndipo pogula chingwe china nenani kuti ndi cha Mega Drive II, cha timapini 9. Cha yoyamba ndi cha 8, chachikulu, sichilowa.

Goloboyi:
Micro Machines 2 yo mukaipeza ya J-Cart, pitani ndi padi yanu mukayese mabowo onse awiri a pamwamba musanalipire. Amamasuka chifukwa anthu ankakoka zingwe katiriji ili m'makina.